Mphunzitsi Wosaphunzira Ntchito

Tadala ndi Yohane, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimazimitsira wailesi akuluakulu akayamba kuyankhula za maphunziro. Bambo anu akanakhala moyo akanakuyankhani mwachidule, poti anali munthu wa mawu ochepa. Ine ndikulemberani zonse, tsopano pamene ndapuma ntchito ndipo palibenso munthu angandisamutse. Za ubwana wanga ku Ludzi mukuzidziwa kale. Ndiyambira pa kalata yanga ya ntchito.

Chaka choyamba pantchito

Ndinatuluka ku yunivesite ndili ndi zaka 24, ndi digiri ya mbiri yakale, phunziro limene ana asukulu amangoti hisitole. Amene tinalimbikira phunziroli mpaka kumapeto tinali ochepa. Mnzathu mmodzi anapeza malo kumene boma limasunga zolemba zakale, ndipo sindinamvenso kuti kumeneko kwatseguka malo ena mpaka iye atamera imvi. Wina analowa ku banki, wina anakakhala wodinda mapasipoti pa boda. Otsalafe tinauzidwa zimene aliyense wa digiri yotere amauzidwa, kuti pitani mukaphunzitse. Pa aphunzitsi athu onse, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatichenjeza kuti pamaso pa boma digiri ya mbiri ndi digiri ya uphunzitsi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndiponso kuti munthu ukhoza kudziwa phunziro lako bwino lomwe koma n'kukhalabe wosakwanira chifukwa cha pepala limodzi.

Ndinazidziwira ku ofesi ya maphunziro pa boma, tsiku limene ndinapita kukatenga kalata yonditumiza ku sekondale ina yogonera konkuno ku Mchinji. Pansi pa dzina langa, Felesita Mbewe, panali mawu a Chingerezi otanthauza kuti ndine mphunzitsi wosaphunzira ntchito. Ndinabwerera pakhomo n'kumuonetsa kalaliki amene anandipatsa kalatayo.

"Bambo, apa mwalakwitsa. Ine ndili ndi digiri."

"Sitinalakwitse, madamu," iye anatero osatukula n'komwe mutu. "Digiri muli nayo, koma satifiketi ya uphunzitsi mulibe. Ndi kosi ya chaka chimodzi basi. Mukagwira zaka ziwiri, ahedi anu akulemberani kalata yokumasulani, mupita, mubwerako, nkhani yatha."

Ndinamukhulupirira. Ndinapinda kalata ija n'kukwera basi ndili wosangalala.

Chaka chachitatu mpaka cha 12 pantchito

Ahedi anga oyamba anali a Mwale, bambo wofatsa amene sindingawanenere choipa kupatula chimodzi. Zaka ziwiri zija zitakwana ndinawapempha kalata, iwo n'kugwira m'mutu. "Madamu Mbewe, mphunzitsi wa hisitole pano ndinu nokha, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Mukapita, ana awa ndiwapatsa ndani? Dikirani atitumizire wina." Chaka chotsatira anayankha zomwezo. Wina uja sanabwere msanga, ndipo atabwera patatha zaka zisanu, ku koleji anali atayamba aimitsa kosiyo. Ataitsegulanso, malo ambiri ankapereka kwa a masamu ndi sayansi. Taonani mmene zinakhalira: ndinali wosayenera kuphunzitsa chifukwa ndinalibe satifiketi, komanso sindikanapita kukatenga satifiketiyo chifukwa ndinali wofunika kwambiri m'kalasi. Mpaka lero sindinapeze munthu woti andimasulire nzeru zimenezi.

M'kalasimo ndiye munali ntchito. Mabuku a silabasi analipo atatu pa sukulu yonse, limodzi lopanda masamba a kumapeto. Makina osindikizira notsi anafa chaka changa chachiwiri ndipo anakhala pakona mpaka mavu anamangamo zisa. Ndinayamba kulemba notsi zanga m'makope a chikuto cholimba, mutu ndi mutu, kuchokera ku zimene ndinabwera nazo ku yunivesite ndi mabuku obwereka. Loweruka lina ndinkatuma ana kumidzi kuti akafunse anthu achikulire za kubwera kwa Angoni, za msonkho, za amene ankapita ku migodi. Ana ankakhoza. Zimenezo palibe anatsutsapo, ngakhale oyendera masukulu.

Chimene chinandiwawa ndi nkhani ya a Gondwe. Iwo anabwera ali mnyamata wa ku koleji kudzayeserera kuphunzitsa, ndipo ahedi anawapereka m'manja mwanga. Ndine ndinawaonetsa kugawa silabasi pa teremu, kufunsa funso loti mwana aganize, ngakhale kaimidwe pa bolodi kuti asaphimbe zimene alemba. Atamaliza dipuloma yawo anatumizidwa pa sukulu yathu yomweyo, ndipo patapita zaka zitatu anaikidwa kukhala mkulu wa dipatimenti yathu. Lachisanu lililonse ndinkapita ndi mapulani anga a phunziro kuti a Gondwe asaine. Iwo eni ankachita manyazi, ankasaina osawerenga n'kumati, "Pepani madamu, malamulo." Sindinkadana nawo. Ndinkadana ndi malamulowo, koma malamulo alibe nkhope yoti uilozere chala.

Chaka cha 16 pantchito

Nthawi imeneyi ndinali nditasamutsidwira ku sekondale yoyendera, pakati pa maesiteti a fodya. Dzina lake sinditchula. Bambo anu ankagwira ntchito pa chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo kwa nthawi yoyamba tinali ndi nyumba yamalata osadontha. Ahedi anali a Kalimbuka, munthu wovala bwino, wodziwa kuyankhula ndi akuluakulu. Ine ndinali mphunzitsi woyang'anira Fomu 4, kutanthauza kuti kaundula wa kalasilo, buku lolembamo amene abwera ndi amene ajomba, ankakhala ndi ine. Chaka chimenecho koleji inanditenga. Kalata inabwera yondiuza kuti malo anga alipo, chotsala ndi saini ya ahedi yondimasula, ndipo ifike mwezi usanathe. Ndinali ndi zaka 39.

M'kalasi mwanga munali ana khumi ndi mmodzi a matenanti, anthu obwera kuchokera m'maboma ena kudzalima fodya wa eni esiteti. Ana amenewa ankajomba nthawi yothyola ndi yosoka fodya, chifukwa tenanti amagwira ntchito ndi banja lake lonse. Akabwera ankafika manja ali bii, akusinza. Sukulu inali ndi lamulo lake loti mwana akajomba kupitirira masiku akutiakuti, amachotsedwa pa mndandanda wa olemba mayeso a boma m'dzina la sukulu, n'kuuzidwa kuti akalembetse payekha ngati wochokera kunja. Ana angawo ankalidziwa lamuloli. Ankawerenga masiku awo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atadutsa malire.

Lachinayi lina titaweruka a Kalimbuka anandiitana mu ofesi. Kalata yanga inali pa tebulo, cholembera chili pamwamba pake. Pambali panali kaundula watsopano, wosalembamo kanthu.

"Madamu Mbewe, khalani pansi. Chaka chatha sukulu ino sinachite bwino, ndipo akuluakulu andiitanapo kawiri. Chaka chino sindikufuna kuitanidwanso. Ana a ku esiteti aja atigwetsa."

"Ena mwa iwo akhoza, ahedi."

"Awiri kapena atatu. Otsalawo atikokera pansi. Akalembe ngati ochokera kunja, zotsatira zawo zisawerengedwe pa ife."

Ndinawakumbutsa kuti wolemba ngati wochokera kunja amalipira zambiri, ndipo tenanti saona ndalama mpaka fodya atagulitsidwa, nthawi yolembetsa itadutsa kale. Kuwachotsa pa mndandanda kunali kuwauza kuti asalembe. Ndinawonjezera kuti masiku awo ojomba sanakwane. Iwo anakankhira kaundula watsopano uja kwa ine.

"Wakaleyo wang'ambika, madamu. Mukopere muno. Pokopera munthu amakumbukira masiku ena amene anaiwala kulemba." Kenaka anagwira cholembera chija n'kuchibwezera pa kalata yanga. "Lolemba mubweretse, ndipo tidzamalizire zonse pamodzi. Mwadikira nthawi yaitali, inu."

Sindikufuna kuti mudzandiyese woyera mtima. Kaundula uja ndinamutenga. Ndinapita naye kunyumba n'kumuika m'kabati, ndipo Lachisanu lonse ndinkadziuza kuti ana amenewa ambiri alephera ndithu, kuti nanenso ndili ndi ana anga, kuti ndikakhala ndi satifiketi ndidzathandiza ana ochuluka kuposa khumi ndi mmodzi. Munthu ukafuna kuchita choipa zifukwa zimabwera zokha.

Loweruka m'mawa kunabwera bambo wina pa njinga. Anali a Makwinja, tenanti wochokera ku Phalombe, bambo wake wa Esinati, mtsikana amene ankakhala kutsogolo m'kalasi mwanga ndipo ankalemba nkhani za hisitole zomveka kuposa anzake onse. Mphekesera inali itawafika. Anakana mpando, anakhala pansi pa khonde atavula chipewa.

"Madamu, ndamva kuti ana athu awachotsa. Ine ndabwera kudzanena kuti mwanayu sajomba yekha, ndimamujombetsa ndine. Ndikapanda kutero fodya aonongeka m'munda, bwana atithamangitsa. Ngati pali chilango mundipatse ine. Iyeyu angolemba, akalephera alephere yekha, adziwe kuti anayesa."

Ndinawauza kuti palibe chimene chatsimikizika. Anathokoza ngati ndawapatsa kanthu, n'kukwera njinga yawo.

Lamulungu titabwera ku Misa ndinayala mabuku awiri aja pa tebulo n'kuyamba kukopera. Sabata yoyamba ndinakopera momwe inalili. Nditafika pa sabata yachiwiri, pa dzina la Esinati, pamene ndimayenera kulemba kuti anajomba tsiku limene ndinkakumbukira bwino kuti anabwera atanyowa ndi mvula, dzanja linaima. Bambo anu anali pakhomo akukonza tcheni cha njinga. Ndinawafotokozera zonse. Anapukuta manja n'kunena kuti, "aNambewe, mukalemba sindikunenani, mukaleka sindikunenaninso. Koma ndimayesa kusukulu kuja munkaphunzira za anthu amene ankasintha zolembedwa." Anabwerera ku njinga yawo. Ankanena zoona. Zaka zinayi ndinaphunzitsidwa kufunsa kuti pepala ili analemba ndani, ankafuna chiyani, anabisa chiyani. Ndinali nditaphunzitsa ana mazanamazana kufunsa mafunso omwewo. Tsopano wolemba pepala labodza ndinali ine.

Lolemba ndinabweza kaundula watsopano uja ndi tsamba limodzi lokha lolembedwa, ndipo wakale ndinakamuonetsa kwa wapampando wa komiti ya makolo kuti pakhale mboni. A Kalimbuka sanakalipe. Anatsegula diloo, n'kuikamo kalata yanga, n'kutseka. "Ndaganizanso, madamu. Chaka chino sukulu singakwanitse kukumasulani. Mphunzitsi wa hisitole ndinu nokha." Ndinapita ku ofesi ya maphunziro kukadandaula. Anandiuza kuti kumasula mphunzitsi ndi mphamvu ya ahedi, ndipo ngati ndili ndi umboni wa zinazo ndilembe kalata yodzera kwa ahedi omwewo. Mwezi unatha, malo anga anapatsidwa wina.

Ana onse khumi ndi mmodzi analemba mayeso. Anakhoza anayi. A Kalimbuka anaitanidwanso kachitatu monga ankaopera, ndipo pa msonkhano wa aphunzitsi anawerenga zotsatirazo akuyang'ana ine. Esinati anakhoza hisitole bwino kwambiri koma analephera Chingerezi, choncho satifiketi sanapeze. Chaka chomwecho banja lawo linasamukira ku esiteti ina ndipo sindinamuonenso. Mmodzi mwa anayi aja ndi namwino, wina ali ndi golosale pa boma. Za enawo sindidziwa. Ndikukuuzani izi kuti musaganize kuti ndinapulumutsa anthu. Ndinangokana kunama, ndipo mtengo wake munalipira nawo inuyo.

Chaka cha 17 mpaka cha 30 pantchito

Teremu yotsatira ndinalandira kalata yondisamutsira ku sukulu ina yoyendera kumalire kwenikweni, kumene anthu amagula sopo ndi shuga wa ku Zambia ndipo nthawi ya dzinja galimoto sifika. Kalatayo inati kusamukako ndi chifukwa cha kusowa kwa aphunzitsi. Nyumba ya mphunzitsi kunalibe, ndinkachita lendi kachipinda kumbuyo kwa chigayo. Bambo anu sakanasiya chipatala, ndipo pulayimale ya kumeneko inali ya pansi pa mtengo, choncho tinagwirizana kuti inu mutsale nawo. Tadala, iwe unali ndi zaka khumi, unayamba kuphikira banja usanathe kunyamula ndowa yodzaza. Yohane, iwe unali ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo Lamulungu lililonse masana unkabisa nsapato zanga kuti ndisabwerere. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali mayi wa Loweruka ndi Lamulungu. A Kalimbuka anakwezedwa, anapita ku ofesi yaikulu, ndipo anapuma ndi ulemu wonse. Ndinakumana nawo kamodzi pa maliro, anandipatsa moni ndi manja awiri n'kundifunsa ngati ndinapita kusukulu kuja.

Ndinapemphabe chaka ndi chaka. Nthawi zina ankati fomu yasochera, nthawi zina ankati chaka chino tikutenga a sayansi okha. Ma intaviyu okwezedwa pantchito akalengezedwa, mzere woyamba unkati ofunsira akhale ndi pepala la uphunzitsi, ndipo ine ndinkangowerenga n'kudutsa. Koma nthawi yochonga mayeso oyeserera a masukulu a m'dera lathu, ankandiitana ine kuti nditsogolere anzanga a hisitole. Pamenepo ndiye ndinali wodziwa ntchito.

Chaka cha 31 pantchito

Amene anandimasula ndi mayi Chisale, ahedi achitsikana amene anabwera pa sukulu yanga yomaliza cha kwa Zulu. Atawerenga fayilo yanga anandiitana n'kufunsa kuti, "Amayi, zoona zaka zonsezi palibe anasaina?" Anasaina tsiku lomwelo, ndipo makalasi anga anagawana ndi aphunzitsi ena iwo eni akutengako. Zinali zotheka kuyambira kale. Bambo anu anali atamwalira chaka chapitacho, sanaione kalatayo.

Ndinakhala pa desiki ndili ndi zaka 54, pakati pa ana a msinkhu wanu. Sindinama, zina ndinaphunzira, makamaka za ana ovutika kumva ndi kuona, zimene ndikanakonda kuzidziwa ndili mtsikana. N'chifukwa chake sindinena kuti satifiketiyo ndi yachabe. Ndimanena kuti anandimana. Nthawi yoyeserera kuphunzitsa inafika, ndipo anandibwezera ku sukulu yanga yomwe, m'kalasi mwanga momwe. Kunabwera mphunzitsi wa ku koleji, bambo wachinyamata, n'kukhala kumbuyo ndi fomu yake. Ndinaphunzitsa za malonda a akapolo, ana anatsutsana mpaka belu linalira iwo osafuna kutuluka. Titakhala pansi anati, "Phunziro linali labwino, mayi, koma ndakuchotserani malikisi. Simunalembe zolinga za phunziro pa bolodi, komanso simunagawe ana m'magulu." Ana anali opitirira zana m'chipinda chimene munthu sungadutse pakati pa mabenchi. Ndinamufunsa kuti magulu akhale pati. Anayang'ana fomu yake n'kuti, "Apa pakufunika magulu." Pomaliza anandilimbikitsa kuti ndikapitiriza chonchi ndidzakhala mphunzitsi wabwino. Ndinathokoza, chifukwa saini yake ndinkaifuna.

Satifiketi ndinaipeza. Mawu aja pansi pa dzina langa anachotsedwa patatha zaka zina ziwiri, fayilo itayenda maulendo ake. Intaviyu yokwezedwa imene ndikanayenera kulowa inalengezedwa nditatsala ndi miyezi inayi kuti ndipume.

Chaka chomaliza

Teremu yanga yomaliza kunabwera mnyamata wina dzina lake Limbani, wa m'mudzi wapafupi, atavala jekete yobwereka, ndi envulopu m'manja. Anali ndi digiri ya mbiri yakale, anakhoza bwino kuposa mmene ndinakhozera ine. Anamva kuti ndikupuma ndipo anabwera kudzafunsa ngati angalowe m'malo mwanga. Mayi Chisale anamuuza zoona, kuti masiku ano wopanda pepala la uphunzitsi samulemba n'komwe, ngakhale dzina lija ankanditchula ine sangalipeze. Anamulangiza kuti abwerere ku koleji akachite chaka chimodzi chija modzilipirira. Iye anaseka pang'ono n'kunena kuti makolo ake anagulitsa kale ng'ombe zonse pa digiri yoyambayo. Ndinamuperekeza mpaka pa msewu ndipo ndinamufunsa chimene akuchita. Anati amasintha ndalama pa boda, makwacha athu ndi a ku Zambia. Ndinamufunsa za kafukufuku wake wa chaka chomaliza, ndipo tinaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu akundifotokozera za mmene malire a dziko anadulira midzi ya kuno pakati. Zina mwa zimene ananena sindinkazidziwa.

Boma silinatumize mphunzitsi wina wa hisitole. Mayi Chisale anapereka makalasi anga kwa a Tembo, mphunzitsi wa zaulimi, munthu wakhama amene ali ndi mapepala onse oyenera koma hisitole anaisiya ali Fomu 2. Tsiku langa lomaliza, ana atatha kuimba ndi kundipatsa chitenje, a Tembo ananditsatira mu ofesi ya aphunzitsi. Ndinawapatsa makope anga onse a notsi m'katoni. Anatsegula limodzi, anawerenga pang'ono, n'kulitseka.

"Madamu, ndisakunamizeni, izi sindikuzidziwa. Fomu 4 ilemba mayeso miyezi isanu ikubwerayi. Ndikakakamira ndifunse ndani?"

Ndinatenga kapepala n'kulemba nambala ya foni.

"Mufunse uyu, dzina lake Limbani. Mukapanda kumupeza pa foni, pitani pa boda, amaima pafupi ndi pamene pamaima ma kabaza. Ndi wodziwa kuposa ine. Koma muzikamufunsira komweko pamsewu, a Tembo. M'kalasi saloledwa kulowa."